Ndikufuna kuyambitsa zovala za dzina langa ku Nchalo: kodi kaunjika sandimeza?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Nchalo, ndipo ikuti:

"Akulu anga, ndili ndi zaka 24. Chithereni sukulu ndakhala ndikugwira maganyu m'minda ya nzimbe, ndipo ndasunga K600,000. Ndimajambula, ndipo anzanga amati zojambula zanga zikhoza kukhala bwino pa malaya. Ndikufuna kuyambitsa zovala za dzina langa, zija achinyamata amatchenera m'tauni zomwe amati streetwear: matisheti, ma hoodie ndi zipewa. Dzina ndapeza kale, ndi lachingerezi. Maganizo anga ndi oti ndigule makina odindira, kenako nditenge ngongole ndiode ma hoodie 50 ndi matisheti 100. Koma amalume akuti ndikungofuna kuponya ndalama mu Shire, chifukwa kuno kuchigwa anthu amavala kaunjika. Kodi akunena zoona?"

Achimwene, mtima m'malo. Maganizo anuwo si amisala, ndipo amalume anu sakukufunirani zoipa. Iwo akunena zomwe amaona tsiku lililonse la msika: belo likangodulidwa zingwe anthu amaunjikana ngati njuchi, aliyense nkuchoka ndi malaya atatu pa ndalama yomwe inuyo simungagule nayo ngakhale tisheti imodzi yosadinda. Pamenepo akunena zoona, ndipo musataye nthawi kutsutsana nawo. Pomwe ine ndikusiyana nawo ndi poganiza kuti munthu wogula kaunjika sangagulenso china. Ndakhala ndikudinda ndi kusoketsa zovala kwa zaka zoposa 15, ndinayambira pakhonde ku Ngabu ndisanakwere kumtunda, ndipo ndaona mnyamata yemweyo amene amanenerera mtengo wa jinzi pamsika akutulutsa ndalama mosanyinyirika kugula tisheti imodzi chifukwa choti yamufika pamtima. Ndiye bizinesi ilipo. Koma njira yomwe mwaikonzayi, ya makina, ngongole ndi ma hoodie 50, ndi yomwe ingapangitse mawu a amalume kupherezeka.

Tiyambe ndi kaunjika, popeza ndiye mukumuopa. Pa mtengo simudzamugonjetsa, ngakhale mutapemphera usiku wonse. Nthawi zina ngakhale pa kulimba kwa nsalu amakuposani. Koma lowani m'belo lililonse muone zolembedwa pa malayawo: Chicago, mayina a makoleji a ku America, mipikisano yothamanga ya kumayiko komwe wovalayo sadzafikako. Mulibe tisheti yolembedwa Nchalo. Mulibe ya Bangula, mulibe ya mlambe, ya bwato la pa Shire, ya ng'ombe za ku Ngabu zikudutsa pa M1 minibasi zitaima. Zimenezo wa belo sangazipeze ngakhale atafuna, ndipo ndi zokhazo zomwe inuyo muli nazo. Mwa matisheti onse omwe ndinadindapo pa dzina langa, yomwe inayenda malonda kwambiri inalibe chithunzi chilichonse. Inali yoyera, pachifuwa pali liwu limodzi lachisena, "Takhuta", kutanthauza zikomo, m'zilembo zazing'ono. Ambiri omwe anaigula sanali okhala kuchigwa. Anali ana a kuchigwa okhala ku Ndirande, ku Lilongwe, m'makoleji, ena ku Joni. Anthu omwe anatopa ndi kusekedwa kuti kwanu ndi kotentha ndi kwa madzi osefukira, ndipo amafuna chovala chonena kuti inde, ndi kwathu, nanga bwanji?

Nchifukwa chake dzina lanu lachingerezilo ndikulikayikira, ngakhale simunandiuze kuti ndi liti. Mayina otere adzaza kale pa Facebook, onse ofanana, a mafumu, mikango ndi ndalama. Mukalowa m'gulu limenelo mukupikisana ndi anyamata a ku Blantyre ndi Lilongwe omwe ali pafupi ndi odinda, ojambula zithunzi ndi oimba. Yesani kaye kufufuza m'Chimang'anja kapena m'Chisena. Liwu lalifupi, losavuta kulitchula pafoni, loti munthu wa kumtunda akaliona afunse tanthauzo. Funso limenelo ndiye otsatsa malonda anu aulere.

Komabe si chilichonse cha kwathu chomwe chingakwere pa malaya. Za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, kapena za gule, zili ndi eni ake. Musazijambule musanakhale pansi ndi akuluakulu oyenera, ndipo akakana musiye. Mbendera ya dziko ndi chizindikiro cha boma zimatetezedwa ndi lamulo, simungangozidinda nkumagulitsa popanda chilolezo. Zizindikiro za Nike, Adidas kapena za matimu ngati Bullets ndi Wanderers ndi za eni ake, ngakhale muzione zili mbwee pamsika. Ndipo kumbukirani kuti kuno kwathu mtundu wa nsalu umalankhula ndale. Mukatulutsa tisheti yachikasu, yabuluu wowala kapena yofiira nthawi ya kampeni, ena aiwerenga ngati yunifomu ya chipani inu musakudziwa.

Tsopano ma hoodie. Ndinaseka pang'ono nditawerenga, mundikhululukire. Achimwene, mumakhala ku Nchalo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula limafewa, anthu amagona panja. Hoodie kuchigwa ndi chovala cha Juni ndi Julayi, mwinanso cha akabaza a njinga zamoto m'mamawa. Chimadya mpamba wa matisheti angapo, ndipo chikapanda kugulidwa chimakhala m'chikwama miyezi khumi. Zomwe mumaona pa TikTok zinasokedwera nyengo ya London ndi Johannesburg. Streetwear ya kuchigwa iyenera kubadwira m'kutentha kwathu: tisheti yotakasuka yolowa mphepo, malaya a mabatani a manja aafupi, kabudula, chipewa cha mlaza wozungulira chotchinga khosi. Hoodie muzipanga pokhapokha munthu waitanitsa ndipo walipiriratu.

Pa nsalu ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pomwe mabizinesi ambiri otere amafera mwakachetechete. Kulemera kwa nsalu ya tisheti amayeza ndi nambala yotchedwa GSM, kutanthauza magalamu pa sikweya mita imodzi. Za 140 kapena 150 ndi zopyapyala, zija amagawa pa misonkhano. Zimaonekera mkati ndipo khosi silichedwa kutambasuka. Za 200 kupita mtsogolo ndi zokhuthala, zimaima bwino pathupi ndipo anyamata a m'tauni amazikonda, koma kuchigwa ndi ng'anjo. Ine kwa anthu a kuno ndimasankha za pakati, 160 mpaka 180, za thonje lenileni. Ndipo musakhulupirire lebulo. Chaka china ndinapikula matisheti 60 m'sitolo ina ku Limbe, lebulo ikunena kuti ndi thonje lokhalokha. Makasitomala atayamba kudandaula kuti akuwamata pamsana, ndinadula kachidutswa kumpendero nkukayatsa ndi machesi. M'malo mopsa ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, momwe thonje limachitira, kanafota, kananunkha pulasitiki, nkusiya kampira kakuda kolimba. Munali polyester wochuluka. Kuyambira tsiku limenelo sindigula katoni ndisanagule imodzi yoyesera.

Kuyesako kuzikhala kwankhanza. Gulani tisheti imodzi, muiyale pansi, muyeze kutalika ndi kufutukuka kwake ndi tepi, mulembe. Muidinditse. Kenako muipereke kwa mlongo wanu aichape mmene amachapira zovala zonse za pakhomo: madzi a pamjigo, omwe m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, sopo wamba, kufikisa ndi manja mopanda chisoni, kuyanika pampanda dzuwa lili paliwombo, kusita ndi simbi ya makala. Achite zimenezi kasanu. Mukatero muyezenso. Yafupika bwanji? Msoko wa m'mbali wapotokera kutsogolo? Khosi likadali lozungulira kapena layamba kuyasamula? Yakuda ikadali yakuda kapena yasanduka yotuwa ngati bulu? Kasitomala wanu sadzaichapa ndi makina, ndipo malangizo a palebulo sadzawawerenga. Tisheti yolephera mayeso amenewa isalandire dzina lanu, ngakhale ikhale yotchipa chotani.

Kadindidwe nako kali ndi njira zingapo, ndipo odinda ambiri amakuuzani kuti yabwino ndi yomwe iwo ali nayo. Screen printing, ija yokankha inki kudutsa pa sefa, ndiyo ndimaidalira. Mtundu uliwonse wa inki umafuna sefa yakeyake, choncho kukonzekera kwake kumadula, koma mukadinda zambiri mtengo wa imodzi umatsika kwambiri, ndipo ikapsa bwino imatha limodzi ndi nsalu. Mawu akuti "ikapsa" ndi ofunika. Inki yotchedwa plastisol siuma ndi dzuwa; imafunika kutenthedwa mpaka madigiri pafupifupi 160 kuti igwire. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Oda yanga yoyamba yaikulu inali ya ana a Fomu 4 pasukulu ina, ndipo ndinaumitsa ndi simbi ya makala, ndikudutsitsa mwachangu poti nthawi inali itatha. Pogwira ndi chala inkaoneka youma. Atangochapa kamodzi, zilembo zinayamba kusweka nkumagwa ngati nkhanambo. Ndinabweza ndalama zonse, ndipo kwa chaka chathunthu ndinkazemba njira yodutsa pasukulupo. Mukalandira katundu kwa wodinda, gwirani pomwe padindidwapo ndi manja awiri nkukoka pang'ono. Inki ikang'aluka osabwerera, sinapse, musalandire.

Njira ya vinyl, yodula zilembo papepala la pulasitiki nkuzimata ndi makina otentha, ndi yabwino pa manambala a jezi ndi mayina, koma pakapita nthawi imayamba kumatuka m'makona. DTF, yodinda chithunzi papepala lapadera nkuchimata pa nsalu ndi makina otentha, imatulutsa zithunzi za mitundu yambiri ngakhale mukufuna tisheti imodzi yokha, ndiye ndi yothandiza poyesera zojambula zanu. Vuto lake, chithunzi chikakhala chachikulu chimakhala ngati mwamata jumbo pachifuwa, thukuta silituluka. Sublimation, yolowetsa utoto mu nsalu ndi kutentha, imagwira bwino pa polyester yowala basi, ndipo polyester ya wamba kuchigwa mukudziwa kale mmene imachitira. Ndiye poti ndinu wojambula, jambulani moganizira kutentha: mizere m'malo mwa chigamba chodzaza inki, mtundu umodzi kapena iwiri, malo ambiri osiyidwa kuti nsalu ipume. Zotero zimatchipanso kudinda.

Makina musagule panopa. Ndikudziwa kuti mtima uli pomwepo, chifukwa makina amaoneka, anthu akabwera amati eya, mnyamatayu wayambadi. Koma makina amadya mpamba wonse nkukusiyani opanda chodinda, ndipo kuphunzira kumawononga matisheti ambiri. Makina otenthetsera amafunanso magetsi amphamvu, si a kasola ka pawindo. Inu a ku Chikwawa simufunika kukumbutsidwa zomwe zinachitika mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira: dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi anavuta kwa nthawi yoposa chaka. Omwe anali atangogula makina pa ngongole ankangowapukuta fumbi. Blantyre ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Chikwawa boma. Kwerani minibasi, mukwere zitunda za Thabwa, mukapeze wodinda waluso, mukhale naye pomwe akugwira ntchito yanu. Mudzaphunzira zambiri poonerera, ndipo zolakwika zidzakhala zake. Makina mudzagule tsiku lomwe ndalama zomwe mukulipira odinda pamwezi zayamba kukupwetekani.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikemo mitengo yomwe mudzaipeze tsiku logula. Tinene kuti tisheti yosadinda mwagula K9,000, kudinda K3,000, lebulo ndi chokulungira K700, gawo lake la thiransipoti K800, bandulo ndi zodula za Airtel Money kapena Mpamba K500. Imodzi yakwana K14,000, ndipo 30 ndi K420,000. Achinyamata ambiri amaima pamenepa nkunena kuti ndikagulitsa K18,000 ndiye kuti ndikupha K4,000 pa iliyonse. Ayi. Pa 30 zija, ziwiri zidzatuluka zopindika kapena zothimbirira, ziwiri mudzapereka kwa omwe akujambulitsa zithunzi. Zogulitsa zatsala 26. Pa K18,000 mupeza K468,000, phindu K48,000 pa ntchito ya mwezi wathunthu, musanadzilipire nokha ngakhale tambala. Pa K22,000 mupeza K572,000, phindu K152,000. Kusiyana kwa bizinesi yamoyo ndi yakufa kuli pa K4,000 yomwe mumachita nayo manyazi kutchula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Palinso china chomwe masamu amenewa sakuonetsa. Thonje timalima konkuno, ku Ngabu ndi madera ozungulira, koma matisheti osadinda ambiri omwe mudzagule, inki ndi mapepala odindira zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Omwe anagulitsa katundu wawo pa mtengo wakale sabata imeneyo anasangalala kuti malonda ayenda, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama ya matisheti 30 ikugula ochepa kwambiri. Mtengo wanu uzichokera pa ndalama yomwe mudzagulire katundu wotsatira, osati yomwe munagulira amene ali m'manjayo. Musanalengeze mtengo, imbani foni ku Limbe.

Nanga muyambe bwanji? Chojambula chimodzi, mitundu iwiri ya nsalu, matisheti osapitirira 30. Dinditsani ziwiri zokha poyamba, zija zoyesera. Muveke mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi omwe anzawo amawayang'ana pa nkhani ya kutchena, muwajambule m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litafewa, pamalo oti aliyense wa kuno awazindikire: pamsewu wa pakati pa nzimbe, pansi pa mlambe, pafupi ndi mlatho wa Kamuzu. Ikani pa WhatsApp status, pa Facebook ndi pa TikTok, nkunena kuti zituluka 30 zokha, tsiku lakutilakuti, ofuna apereke theka. Anthu 15 akapereka K11,000 aliyense, muli ndi K165,000 m'manja, ndipo m'thumba mwanu mungotulutsa K255,000, yosafika theka la zomwe munasunga. Mwadziwanso masaizi enieni m'malo molota. Akapereka anthu atatu okha, musakhumudwe: mwagula phunziro pa mtengo wa matisheti awiri, osati 100. Bwezani madipoziti, sinthani chojambula, yesaninso. Oyamikira pa Facebook musawawerengere, "moto!" ndi "ndiifuna" sizilowa m'thumba. Wowerengedwa ndi amene watumiza ndalama.

Pa masaizi, musagule chiwerengero chofanana pa iliyonse. M ndi L ndi zomwe zimathamanga, ndipo poti achinyamata masiku ano akukonda zotaya, XL nayo imayenda. S imatsalira. Lembani m'kope saizi iliyonse yomwe mwagulitsa ndi yomwe munthu anafunsa inu mulibe. Pofika ulendo wachitatu kopelo lidzakuuzani choti muode kuposa mmene ine ndingakuuzireni.

Mdani wanu wamkulu si kaunjika, ndi mawu akuti "ndikupatsa kumapeto kwa mwezi". Adzanena ndi anzanu a pamtima, asuweni, ngakhale amalume omwewo akadzaona kuti zayamba kuyenda. Kukana ndi kovuta chifukwa mumadyera limodzi. Chomwe chinandithandiza ine ndi kunamizira lamulo: ndinkati katunduyu sindili ndekha, sindingatulutse popanda ndalama. Nambala ya foni yolandirira ndalama za bizinesi ikhale yosiyana ndi yanu, ndipo muzidzilipira kandalama kodziwika pamwezi m'malo motapa mukamva njala. Wina akati watumiza, musakhulupirire uthenga womwe wakuonetsani kapena womwe wafika pafoni. Yang'anani balansi nokha, chifukwa mauthenga abodza alipo ambiri. Potumiza katundu ku Blantyre kapena Lilongwe, alipire kaye zonse, ndipo ngati mwapatsira kondakitala wa minibasi lembani nambala ya galimoto ndi foni yake, muuze wolandirayo nthawi yomweyo.

Za ngongole yomwe mukufuna kutenga, yankho langa ndi lakuti ayi, osati pano. Ngongole imafuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi, pomwe zovala zimagulidwa mwa nyengo. Kuchigwa ndalama imayenda nthawi yodula nzimbe, nthawi yogulitsa thonje, masiku a malipiro, ndi pa Khirisimasi pomwe a m'tauni abwera kudzaona makolo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi, njala ndi madzi. Tinaona mu 2015, mu 2019, mu 2022, ndi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy: misewu imaduka, misika imaima, ndipo munthu amene nyumba yake yagwa saganiza za tisheti. Pofika Disembala kumapeto katundu akhale atatha, ndalama ili ku akaunti. Wotsala mumuike m'mabigili otseka bwino, pamwamba, osati m'katoni pansi pa bedi. Chinyezi, chiswe ndi makoswe sizidziwa kuti ndi brand. Katapila musamuyandikire nkomwe. Banki mkhonde kapena mabungwe obwereketsa mudzawaganizire tsiku lomwe muli ndi oda yotsimikizika, yosainidwa, yomwe mpamba wanu sukukwanira.

Maoda otero alipo, ndipo ndi omwe amadyetsa ambiri a ife pomwe dzina likukula: matisheti a omaliza Fomu 4, makwaya, maukwati, zoika ziliza, matimu a mpira a m'midzi, mabungwe omwe adzaza kuchigwa kuno. Si streetwear, ndipo sizikusangalatsani ngati zojambula zanu, koma ndi ndalama yodziwikiratu. Tengani dipoziti yokwanira kugula nsalu yonse, wooda asainire chitsanzo musanadinde, makamaka kalembedwe ka mayina, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika pa dzina la malemu chimakubwezerani katundu yense. A ndale alipiretu zonse. Chisankho chikatha foni zawo sizipezeka. Koma lebulo ya dzina lanu musaisokere pa ntchito zimenezi. Dzinalo lizipezeka pa zomwe mwasankha nokha basi.

Atelala a pamsika wa Nchalo musawadutse. Malaya a mabatani, makabudula ndi zipewa akhoza kukusokerani konkuno, ndipo pamenepo ndi pomwe mungasiyane kwambiri ndi anzanu omwe amangodinda pa matisheti ofanana. Kathumba ka chitenje pa tisheti yoyera kamakongola, bola chitenjecho muchichape kaye chisanadulidwe, apo ayi chidzachucha utoto ndi kukoka nsalu. Dziwaninso kuti nsalu ya tisheti imatanuka, ndiye makina wamba opondera aja amaisoka msoko womwe umaduka munthu akamavala. Imafuna makina a overlock ndi singano yake. Telala mumupatse chitsanzo chenicheni ndi miyezo yolemba, osati "mungoona mmene mungapangire", ndipo muzimulipira pa chovala chomwe mwachiyendera nkuchivomera.

Za mapepala sizofunika kuthamangira sabata yoyamba, koma musazigonere. Mukaona kuti ulendo wachiwiri nawo watha, kalembetseni dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya wokhoma msonkho (TPIN) ku MRA, ndipo mukatsegula malo ogulitsira mufunse za laisensi ku khonsolo ya Chikwawa. Popanda zimenezi mabungwe ndi malo ogona alendo a ku Majete kapena Lengwe, omwe angakonde zojambula za kuchigwa m'mashopu awo, zidzawavuta kugula kwa inu. Ambiri sadziwa kuti kulembetsa dzina la bizinesi sikuteteza dzinalo pa zovala. Chimateteza ndi trademark, kutanthauza kulembetsa dzina kapena chizindikiro cha katundu wanu, pansi pa lamulo la 2018, ndipo zovala zili m'gulu la nambala 25. Musanadinde malebulo ambirimbiri, kafufuzeni ngati wina sanalembetse kale dzina lofanana nalo. Zojambula zanu zimatetezedwa ndi lamulo la copyright, ndipo a COSOMA ndi omwe angakulongosolereni bwino. Sungani mapepala oyambirira omwe munajambulapo, ndi masiku ake. Wodinda mumuuze poyera kuti sefa kapena fayilo ya chojambula chanu asadindire wina. Ndinapezapo chojambula changa chikugulitsidwa pamsika wina pa nsalu yotchipa, ndipo amene anachitulutsa anali munthu yemwe ndinkamwa naye tiyi.

Pali nthawi zomwe malangizo a m'nyuzi ngati ano sakwanira. Munthu akafuna kuikamo ndalama kuti mukhale awiri, ngakhale akhale mbale wanu, pezani wodziwa malamulo akulembereni mgwirizano wonena kuti dzina ndi la ndani mukadzasiyana. Mukalandira kalata yoti mukugwiritsa ntchito dzina kapena chizindikiro cha wina, musayankhe mwaukali pa Facebook. Imitsani kugulitsa, mukaonane ndi loya. Mukafuna kuyamba kuitanitsa katundu kunja nokha, kaya ku Tanzania, South Africa kapena kudzera pa chipata cha Marka ku Nsanje, funsani a MRA za msonkho katunduyo asananyamuke, chifukwa ambiri amadzidzimuka ali kale pachipata. Mukaona kuti mukugulitsa koma ndalama sizikuoneka kwa miyezi itatu yotsatizana, tengani kope lanu mupite nalo kwa wodziwa zowerengera ndalama kapena kwa alangizi a mabizinesi ang'onoang'ono. Ndipo ngati mtima ukukukokerani ku kusoka ndi kudula nokha, funsani za maphunziro a utelala ovomerezedwa ndi TEVETA; wojambula wodziwanso kudula nsalu sanamizidwa ndi telala.

Ganyu ya kunzimbe musaisiye msanga. Ikudyetseni pomwe matisheti akuphunzira kuyenda okha. Amalume musawayankhe ndi pakamwa. Ulendo woyamba ukatuluka, muwasungire imodzi ya saizi yawo, koma alipire ngati wina aliyense. Sabata ino sankhani zojambula zitatu, muzionetse anthu khumi omwe si anzanu, mufunse kuti ndi iti yomwe angaitulutsire ndalama. Yomwe yapambanayo mukaidinditse pa matisheti awiri, mupereke kwa mlongo wanu ndi sopo. Ikachapidwa kachisanu munditumizire chithunzi cha khosi ndi cha pomwe padindidwapo, chojambulidwa pafupi, ndi miyezo iwiri ija. Tidzakambirane za mtengo titaona zimenezo.